Mzere Umene a Khutu Anakhwatcha

Achimwene anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi alamu ndi ana. Msana uja ukuti bwanji? Paja munalonjeza kuti musiya kunyamula matumba nokha, koma ine ndimakudziwani. Nanga amayi, maso awo akusintha ndi mankhwala odontheza aja, kapena chifunga chikadalipo? Kuno ine thupi lili bwino, ndikudya, ndikugona. Zina zonsezo ndi zimene ndikufuna kukufotokozerani.

Pamwamba pa tsamba lino mwaona mzere umene ndaukhwatcha. Sikuti pepala linandisowa ayi. Ndausiya dala, ndipo chifukwa chake muchimva kumapeto.

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri, ndinaiwerenga kawiri ndili chiimire pakhomo. Mwati amalume anabwera kunyumba ali okwiya, akuti ndawachititsa manyazi kwa mnzawo amene anandilemba ntchito, ndipo inu mukuti ndidzichepetse, ndikapepese, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndamva. Koma amalume anakuuzani mbali imene iwo anauzidwa, ndipo amene anawauzawo ndi bwana omwewo. Pa foni simundipatsa mpata, mumangoti iwe tamvera, ndiye ndasankha pepala poti silidula munthu pakamwa.

Ndisanalowe m'nkhaniyi, dziwani kuti chipinda ndinasintha. Ndili chapamwamba tsopano, moyang'anana ndi telala uja ndinakuuzani, amene makina ake amayamba kulira tambala asanaganize n'komwe. Mpopi wa m'bafa ukudontha. Eni nyumba amati abwera mawa, ndipo mawa limenelo latha mwezi. Koma denga silidontha, chitseko chimakiyika, ndiye musandidere nkhawa pa za pogona.

Ntchito yanga mumangoidziwa kuti ndi ya pakompyuta ku kampani ya mabasi. Lero ndikuuzeni bwinobwino, kuti mukamandiweruza muziweruza chinthu chimene mukuchidziwa. Basi iliyonse ikaweruka imalowa m'galaja. Amakaniko akaiona amalemba pa tabuleti zimene apeza ndi zimene akonza. Zolembazo zimakasungidwa m'kompyuta yaikulu, m'malo amene timawatcha nkhokwe. M'mawa uliwonse ine ndimatulutsa lipoti kuchokera m'nkhokwemo, basi iliyonse ndi kabokosi kake. Mayi amene amagawa mabasi kwa madalaivala amawerenga lipotilo n'kunena kuti iyi ituluke, iyi ikhale.

Pa tabuletipo munthu akhoza kulemba mawu ofiira, akhoza kuwanenepetsa, akhoza kudula mzere kunsi kwake, kapena kuwakhwatcha pakati ngati mmene ndachitira pamwambapa. Koma nkhokwe sisunga kufiirako ngati utoto. Imasunga mawuwo n'kuika tizizindikiro kutsogolo ndi kumbuyo kwake, tonena kuti apa mpofiira, apa mpokhwatcha. Lipoti limafunika kuuzidwa kuti liziwerenga tizizindikiroto n'kuonetsa mawu mmene mwini wake anawalembera. Ukapanda kuliuza, limangotimwaza pakati pa mawu ngati zitosi za nkhuku pakhonde.

Zaka zitatu zapitazo, ine ndisanabwere, lipoti linkatuluka ndi zitosi zimenezo. Bwana ataona anati zikudetsa pepala. Analamula amene anali pampando wangawu kuti azisese zonse, ndiponso kuti kabokosi kalikonse kazikhala ka mizere iwiri yokha, lipoti lizikwana pa tsamba limodzi. Lamulolo analemba okha, lili m'faelo mpaka lero. Kuyambira pamenepo chilichonse chinkatuluka chofanana. Chofiira chinkada, chokhwatcha chinkatuluka choyera, chotalika chinkadulidwa mchira. Ine ndinazipeza choncho, ndipo kwa chaka ndi theka ndakhala ndikusindikiza lipoti limenelo m'mawa uliwonse osafunsa. Ndikuzinena ndekha musanandifunse, chifukwa zimandiwawa.

M'galaja muli makaniko wamkulu amene tonse timawatcha a Khutu, chifukwa injini amaidziwa matenda pongoimvetsera. Ndi a msinkhu wa malemu bambo, ochepa mawu, ndipo pa tabuleti amalemba ndi chala chimodzi atachipukuta kaye pa ovolosi. Ali ndi khalidwe limodzi limene anabwera nalo kuchokera nthawi ya makadi a pepala. Safufuta. Akalemba chinthu n'kupeza kuti alakwitsa, amachikhwatcha n'kulemba choona kunsi kwake. Amati wofufuta amabisa pamene anapunthwa, koma wokhwatcha amaonetsa mnzake mwala. Anzawo amawaseka kuti batani lofufutira amaliopa ngati njoka, iwo amangomwa tiyi wawo.

Milungu itatu yapitayo basi nambala 14 inabwera ndi vuto la mabuleki. A Khutu anasintha zofunika kusintha, n'kulemba kuti mabuleki onse anayi aonedwa ndi kukonzedwa, basi itha kutuluka mawa. Kenako, monga mwa chizolowezi chawo, anaizungulitsa pabwalo kuti aiyese. Ataponda kachitatu, phazi linangolowa mpaka pansi. Anatsika, anakhwatcha mawu aja, n'kulemba kunsi ndi zilembo zofiira zonenepa kuti isatuluke, paipi ikudontha mafuta, yatsopano ifika Lachinayi. Mufunsa kuti bwanji sanapachike chikwangwani pa chiwongolero. Kale ankatero. Matabuleti atabwera bwana analetsa, anati zachikale zithe, zonse zizidutsa m'lipoti.

M'mawa mwake lipoti langa linatuluka loyera bwino. M'kabokosi ka 14 munali mawu oyamba aja opanda chokhwatcha chilichonse, ndipo anadzaza mizere iwiri yonse. Mawu ofiira anali pa mzere wachitatu, ndiye anadulidwa. A Khutu tsiku limenelo amalowa masana. Mayi ogawa mabasi anawerenga, anapereka makiyi.

Basiyo inayenda maulendo awiri bwinobwino. Ulendo wachitatu, pa mtsetse wolowera kumsika, mabuleki anakana. Dalaivala, bambo wa ana anayi, ataona kuti kutsogolo kuli anthu, anaikhotetsa n'kuikhulitsa kukhoma la sitolo mpaka inaima. Palibe anamwalira. Okwera anatuluka ndi mikwingwirima, koma dalaivalayo mkono unathyoka pawiri, ndipo madokotala sakulonjeza kuti adzagwiranso chiwongolero.

Tsiku lomwelo bwana anaitana a Khutu, anawaikira lipoti patsogolo, n'kuwafunsa ngati mawuwo si awo. A Khutu anavomera kuti ndi awo, koma anati anawakhwatcha. Bwana anatembenuza pepala uku ndi uku n'kufunsa kuti chokhwatchacho chili pati. Anawauza kuti ukalamba wawapeza, apite kunyumba akadikire tsiku la mlandu. Munthu wagwira ntchito zaka makumi atatu m'dzenje la galaja, koma anatuluka pageti atanyamula kapu yawo ya tiyi m'manja, anthu akuwayang'ana ngati wakupha.

Mawa lake a Khutu anabwera ku ofesi yanga. Sanalowe, anaima pakhomo poopa kudetsa matailosi, ngakhale nsapato zawo zinali zoyera tsiku limenelo. Ananditchula kuti mwana wawo, n'kundifunsa ngati makinawa amaiwala. Anati ayamba kudzikayikira okha, mwina anangolota kuti anakhwatcha. Mawu amenewo ndi amene anandilasa, achimwene. Ndinatsekula nkhokwe iwo ali pomwepo. Tizizindikiro tinalimo tonse, tokhwatcha ndi tofiira, pamodzi ndi ola limene analemba. Ndinatembenuza sikirini kuti aone. Zitosizo sanazimvetse, koma nditawawerengera anavula chipewa, analowa, n'kukhala pampando wa alendo osauzidwa.

Kukonza kwake sikunali kovuta, ndipo n'chimene chimandikwiyitsa kwambiri. Masiku awiri okha. Ndinaliuza lipoti kuti liziwerenga tizizindikiro m'malo motisesa, ndi kuti kabokosi kazikula malinga ndi mawu. Poyamba linandiseka, tsamba lonse linatuluka lofiira chifukwa makaniko wina anatsekula kufiira osatseka, ndiye ndinaliphunzitsa kuti kufiira kuzithera m'kabokosi kake. Kenako pulinta ya mu ofesi mwathu inapezeka kuti imadziwa inki yakuda yokha. Ndinapita kwa asekilitale a bwana, ndinawayamikira tsitsi lawo, n'kusindikiza pa pulinta yawo. 14 inatuluka ndi mzere wake wokhwatcha, kunsi kwake mawu ofiira ali ngwee. Ndinabwerera m'mbuyo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinapeza malo ena asanu ndi anayi amene mawu okhwatcha anatuluka ngati oona. Mabasi amenewo anayenda ndi anthu, anabwerako mwa mwayi chabe.

Chilolezo sindinapemphe. Zimenezo n'zoona ndipo sindikukana. Ndinadziwa kuti ndikapempha, yankho likhala lakuti tidikire mlandu uthe kaye.

Ndinatenga mapepala awiriwo, lakale ndi latsopano, n'kupita nawo kwa bwana. Anawayang'ana nthawi yaitali, anadzuka, anatseka chitseko. Poyamba analankhula mofatsa. Anati lipoti latsopanoli n'lonyansa, likuoneka ngati kope la mwana wolephera mayeso, ndipo masamba atatu palibe angawerenge m'mawa. Anati ndilibweze mmene linalili, ndisainenso kapepala konena kuti lipoti lakhala likuonetsa zimene amakaniko amalemba. Nditakana, mawu anasintha. Anandifunsa ngati ndikukumbukira amene anandibweretsa pano, ndiponso ngati ndikudziwa atsikana angati a mapepala oposa anga akuyenda ndi maenvulopu m'tauni muno. Anawonjezera kuti ngati lipoti lili ndi vuto, amene walisindikiza chaka ndi theka ndine.

Ndinawayankha kuti pamenepo anena zoona, ndipo ndikanena zomwezo pa mlandu. Ndinasindikiza ndine, analamula ndi iwo, ndipo pa anthu atatufe amene anagwira ntchito yake bwino ndi amene ali kunyumba. 

Masiku otsatirawo ndinadziwa anzanga enieni. Ku kantini tebulo langa linakula mwadzidzidzi, ndinkadya ndekha ngati wodwala chifuwa. Amene ankandibwereka chaja tsiku lililonse anayamba kuona chidwi ndi denga ndikamadutsa. Sindikuwada, aliyense ali ndi ana ake. Koma alonda a pageti, amene sitinalankhulanepo kupitirira moni, anayamba kundiimikira sawatcha m'mawa uliwonse.

Mlandu unali Lachisanu lapitali, m'chipinda cha misonkhano, pamaso pa akuluakulu atatu a kampani. Bwana anali atanditsekera kale kompyuta, koma mapepala ndinali nawo. Sindinaitanidwe. Ndinakhala pa benchi panja ndi a Khutu, ndipo ataitanidwa iwo ndinalowa nawo ngati wowanyamulira chikwama. Ndinaika mapepala awiriwo patebulo, lina pambali pa linzake. Mmodzi wa akuluakuluwo, mayi wa magalasi, anaika chala pa mzere wokhwatcha n'kufunsa chifukwa chimene pepala linalo lilibe. Ndinawauza za tizizindikiro, ndinawauza za lamulo limene lili m'faelo, ndinawauzanso za chaka ndi theka changa. 

Amene anamaliza nkhani ndi mayi ogawa mabasi aja. Chichitikireni ngozi mtima wawo sunakhale m'malo, poti makiyi anapereka ndi iwo. Lipoti latsopano analigwiritsa ntchito masiku anayi bwana asananditsekere, ndipo m'masiku amenewo anaimitsa mabasi awiri amene anali ndi zofiira. Anauza akuluakuluwo kuti likabwerera lipoti lakale lija, iwo akhuthula makiyi onse patebulo la bwana, azigawa okha. Mayi amenewa sitinkamwerana madzi, ankanditcha kamtsikana ka makina. Potuluka anangondigwira paphewa n'kupitirira.

Zotsatira zake ndi izi. A Khutu abwerera m'dzenje lawo. Lipoti latsopano latsala, masamba atatu ndi kufiira kwake. Bwana akadali pampando, nkhani yawo akuti aikambirana akuluakulu okhaokha, ndipo mukudziwa mmene zokambirana zotero zimathera. Ine ndinapatsidwa kalata yondiimitsa ntchito chifukwa chosintha chida cha kampani popanda chilolezo ndi kulowa mumsonkhano osaitanidwa. Akuti ndikalemba kalata yopepesa kwa bwana pofika Lolemba likubwerali, yovomera kuti ndinalakwa kusintha lipoti, ndibwerera pampando wanga. Ndikapanda kulemba, ndiye kuti ndadzichotsa ndekha.

Kupepesa sindikuopa, achimwene, musandiyese wodzikuza. Ndapepesa kale kawiri. Ndinapita kuchipatala kukaona dalaivala uja, ndipo ndinamuuza akazi ake ali pomwepo kuti pepala limene linamupatsa makiyi linatuluka m'manja mwanga. Anangoyang'ana kukhoma, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndinapepesanso kwa a Khutu. Iwo anangoti ndisadzizunze, n'kundipatsa malalanje awiri. Koma kupepesa chifukwa choonetsa zimene munthu analembadi, ayi. Kalata imeneyo ikalowa m'faelo, tsiku lina wina adzaitulutsa n'kunena kuti mwini wake anavomera kuti lipoti lakale linali bwino, ndiye tilibweze, masamba atatu akutha mapepala. Mlandu suola, ndipo basi yotsatirayo mwina sidzapeza khoma loikhulitsa.

Ndikudziwa chimene mukuopa. Ntchito imeneyi imadyetsa nyumba ziwiri, ndipo mankhwala a amayi sagwa kumwamba. Inenso ndikuopa. Ndayamba kale kuyenda. Pali kampani ina ya magalimoto onyamula katundu imene yandiuza kuti ndipite sabata yamawa ndikayesedwe. Sindikulonjeza kanthu. Telala wandiuza kuti zikavuta ndizidzamusokerera mabatani, ndipo ndamuchenjeza kuti makasitomala ake adzathawa onse mwezi usanathe.

Amalume ndimawalemekeza, ndipo sindidzaiwala kuti anandigwira dzanja pamene ndinalibe polowera. Koma anandipezera ntchito, sanandigule. Mwati akufuna kubwera kuno kudzagwada m'malo mwanga. Asavutike ndi ulendo, chifukwa kalatayo ikufuna dzanja langa, osati bondo lawo.

Tsopano za mzere uja. Nditawerenga kalata yanu Lachiwiri ndinalira. Kenako ndinatenga pepala lino n'kulemba kuti amayi asade nkhawa, Lolemba ndikapepesa ndipo zonse zikhala bwino. Ndinauyang'ana mzerewo mpaka tiyi anazizira. Kenako ndinaukhwatcha. Ndikanatha kutenga pepala lina, koma ndaphunzira kwa a Khutu.

Pempho langa ndi limodzi. Kalata zanga zonse amayi amazimva kudzera pakamwa panu, ndipo inu, achimwene, ndinu lipoti lakale lija. Mumasesa, mumasalaza, mumadula mchira. Musakane. Chaka chija ndinalemba kuti chibwenzi chatha ndipo mphete ndabweza, inu munawawerengera kuti ukwati wasunthidwa pang'ono, mpaka amayi anatha miyezi isanu akundifunsa za mkamwini amene kulibe. Ndikudziwa kuti mumachita chifukwa chowakonda. Bwana nawonso ankangofuna pepala loyera.

Kalata ino muwawerengere yonse monga ilili. Mzere woyambawo muuwerenge, ndipo muwauze kuti ndaukhwatcha. Mukauwerenga osanena zimenezo, mukhala mwapereka makiyi a 14. Amayi si mwana. Anatilera awirife okha bambo atatisiya, ndipo ndi iwo omwe anakuyendetsani mpaka kwa aphunzitsi kuti mukavomere kuti galasi la windo munaswa ndinu, osati mnzanu amene anamukwapula uja. Akandikalipira, andikalipire pa zimene ndachitadi. Akati ndikapepese, ndimva, ndipo ndiwayankha ndekha mwaulemu kuti sinditha.

Moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ndasoketsa ndipo telala waitama. Moni kwa ana, makamaka wachiwiri uja amene mumati watengera makani anga, musamamuletse kwambiri. Azakhali ndi asuweni onse mundiperekere moni. Kwa amalume moni waulemu, ngakhale pakadali pano sakufuna kumva dzina langa.

Mukamaliza kuwerenga, amayi muwapatse pepalali m'manja. Ndakhwatcha molimba, mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola. Maso awo sangauone mzerewo, koma chala chawo chiupeza.

Tsalani ndi mtendere nonse.

Ndine mlongo wanu,
Wamakani uja